Pasipoti yogula siidziwa malume

Pali malonda ena omwe masiku ano akutsatsidwa kwambiri pa intaneti, ndipo aliyense amene ali ndi foni yotsegula Facebook akhoza kukumana nawo. Si malonda a feteleza kapena a galimoto zochokera ku Japan ayi, koma unzika wa dziko. Munthu akapereka madola 200,000 a ku America kapena kuposa apo, boma la kadziko kena ka pachilumba limampatsa pasipoti pakangotha miyezi ingapo, ndipo kwa zaka zambiri anthu akhala akulandira mapasipotiwa asadapondeko n'komwe phazi kudzikolo. Nyambo yaikulu imene otsatsawo amakolera nayo anthu ndi yakuti unzikawu ndi wa banja lonse. Pachithunzi pamakhala bambo, mayi ndi ana awiri, onse akumwetulira m'mphepete mwa nyanja.

Ife a nyuzipepala ino tati tiime kaye pa mawu akuti banja lonsewa. Banja lake liti? Pakuti banja lomwe lili m'malamulo a maiko ogulitsa unzikawa ndi lina, banja lomwe Mmalawi amatanthauza akamati "kwathu" ndi linanso, ndipo munthu amene sadaone kusiyana kumeneku adzagula mkangano ndi ndalama zake zomwe.

Malondawa si achilendo. Adayamba mu 1984 ku St Kitts and Nevis, dziko la zilumba ziwiri la ku Caribbean lomwe lidali litangolandira ufulu kuchokera kwa Angerezi mu 1983. Anthu ake ndi pafupifupi 50,000, osafika ngakhale pa chiwerengero cha mzinda wa Zomba. Dzikoli linkadalira nzimbe, ndipo boma litatseka ntchito ya shuga mu 2005, pasipoti ndiyo idasanduka mbewu yogulitsa kunja. Dominica idatsatira mu 1993. Antigua and Barbuda idalowa m'bwalo mu 2013, chaka chomwechonso Grenada idatsitsimutsa malonda ake, ndipo St Lucia idakhazikitsa lamulo lake mu 2015. Kunja kwa Caribbean kuli Turkey, kumene kuyambira mu 2022 munthu ayenera kugula nyumba kapena malo a madola 400,000 n'kukhala zaka zitatu osagulitsa.

Maiko asanu a ku Caribbean aja adakhala akulimbirana ogula potsitsa mitengo ngati amayi a tomato dzuwa likamalowa, mpaka mu 2024 adagwirizana kuti pasapezeke wogulitsa pansi pa madola 200,000. Atagwirizana chomwecho, Dominica idaika 200,000 kwa munthu mmodzi ndi 250,000 kwa banja la anthu anayi. Grenada 235,000, St Lucia 240,000 ndipo St Kitts and Nevis 250,000, onsewa kwa banja losaposa anthu anayi. Dziwani kuti ndalama zimenezi si mpamba woti mudzaubweze ndi phindu, ndi chopereka ku thumba la boma, zapita zapita. Onaninso nambalayo: anayi. Bambo, mayi ndi ana awiri, monga pachithunzi paja. Wachisanu ali ndi mtengo wake pamutu ngati mbuzi pa tsiku la msika. Ku St Kitts and Nevis adaika madola 25,000 pa mwana aliyense woonjezera wosafika zaka 18, ndi 50,000 pa wamkulu. Apa sitidawerengere ndalama zofufuzira mbiri ya munthu, zomwe kumeneko adaziika pa 10,000 kwa mwini fomu ndi 7,500 kwa wachibale aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba, ndiponso za maloya ndi madobadoba a masuti amene amayendetsa mapepala.

Tsono tiyeni tiwerenge banja la munthu wopeza bwino wa kuno kwathu, paja ndi yekhayo amene angayerekeze n'komwe kuganizira zimenezi. M'nyumba mwake muli ana obereka yekha anayi kapena asanu. Muli ana awiri a malemu mkulu wake, omwe adawatenga pamaliro pomwepo ndipo amamuitana kuti bambo, chifukwa pa chikhalidwe chathu ndi bambo wawodi. Muli mwana wa mlongo wake amene akumulipirira fizi ku sekondale; ndipo kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, kumene mwana amatsata kuchikazi, ameneyu ndiye mbumba yeniyeni, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Kumudzi kuli mayi ake omubereka, komanso mayi ake aang'ono amene adamulera pamene mayiwo adali kudwala. Onsewa amadya m'thumba mwake. Wina akagonekedwa m'chipatala usiku, foni imene imalira ndi yake.

Fomu ya unzika ilibe mzere wa anthu amenewa. Imadziwa mkazi kapena mwamuna mmodzi, ana obereka nokha kapena amene khoti lidagamula kuti ndi anu, ndipo m'maiko ena makolo ndi agogo. Mwana wa mlongo mulibemo. Mayi aang'ono mulibemo. Ana amasiye aja angalowe pokhapokha mutapita nawo ku khoti kukawatenga mwa lamulo, chinthu chomwe ambiri a ife sitichiganizira n'komwe, ndipo kumudzi chingamveke ngati chipongwe. Mwana wa mkulu wako ukachite kumupempha kwa jaji, eti? Koma kwa mlembi wa mu ofesi ya ku Basseterre kapena ku Roseau, zaka khumi zomwe mwana uja wadya nsima m'nyumba mwanu sizisanduka pepala.

Ngakhale ana obereka nokha ali ndi malire. Ku Turkey mwana akakwanitsa zaka 18 watsala, pokhapokha ngati ali ndi ulumali woti sangadzisamale yekha, ndipo makolo salowa n'komwe. Ku St Kitts and Nevis, pa malamulo a mu 2023, mwana wa zaka 18 mpaka 25 ankalowa ngati ali pasukulu ndipo akudalira inu pa zonse. Maiko ena a ku Caribbean amalola mpaka zaka 30, malinga mwanayo akhale akadali m'manja mwanu. Tanthauzo lake n'lakuti m'nyumba imodzi, mwana wachisamba amene adalimbikira sukulu, wapeza ntchito ndipo akudziimira payekha, ndiye amatsala panja, pamene ang'ono ake alowa. Grenada imatamandidwa kuti ndi ya mtima wabwino chifukwa imalola mchimwene kapena mchemwali wa mwini fomu, koma akhale wosakwatira ndiponso wopanda mwana. Mlongo amene ukwati wake udatha nabwerera kwanu ndi ana atatu, yemwe mwa onse ndi amene akufunikadi pogwira, ameneyo ayi.

Ndipo malire amenewa saima pamodzi. Mu Julayi 2023 St Kitts and Nevis idachotsa abale obadwa nawo ndi agogo pa mndandanda wa ololedwa, n'kukwezanso mtengo tsiku lomwelo. Aliyense amene ankaganiza kuti tiyambe ife, agogo tidzawaonjezera chaka chamawa, adapeza chitseko chili chotseka.

Nkhani ya akazi ndi yovuta kuikamba pagulu, koma tiikamba basi. Lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa pamwambo, uja wa ankhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka mudzi wonse n'kumawadziwa kuti ndi banja. Mitala ilipo pakati pathu ndipo sitingaibise. Koma Turkey, dziko lomwe anthu ake ambiri ndi Asilamu, idathetsa mitala m'malamulo ake mu 1926, ndipo malamulo a unzika wogula a ku Malta ankanena mosapsatira kuti ukwati wake ukhale wa anthu awiri okha. Tsono bambo wa akazi awiri akakhala pansi ndi fomu ija, cholembera chili m'manja, alemba dzina la yani? Akalemba wamkulu, wamng'ono amva ndithu. Akalemba wamng'ono, uja adapita naye kwa DC kukatenga satifiketi, ndiye kuti wamkulu amene adavutika naye pa geni ya kaunjika chuma chisadabwere wasanduka mlendo. Ana a mkazi wotsalayo akhoza kulowa, koma ngati ali aang'ono pamafunika kalata ya mayi wawo yovomereza. Mayiyo asainire ndi dzanja lake kuti ana ake akhale nzika za dziko lomwe iye alibeko gawo, pamodzi ndi mkazi mnzake. Kaya pakhomo pamenepo mudzagonabe tulo, eni ake ndi amene akudziwa.

Nanga mapepala? Kulembetsa ana pobadwa kudayamba kukakamizidwa kuno kwathu mu 2015, ndipo zitupa za unzika zidabwera mu 2017. Mayi wa kumudzi amene amangodziwa kuti adabadwa nthawi ya Chitaganya ayenera kutsimikiza ndi pepala zaka zake, komanso kuti mwini fomuyo adamubereka ndi iye. Apa ndi pomwe mayesero amalowera. Wina amakuuzani kuti mwana wa mlongo tingomulemba ngati wobereka nokha, wa zaka 31 timuchepetseko ziwiri, zinthu zing'onozing'ono bwana. Koma kuyambira mu 2023 maiko a ku Caribbean, atakankhidwa ndi boma la America, adayamba kufunsa mafunso ofunsira unzika maso ndi maso kapena kudzera pa kompyuta, ndipo mbiri ya wachibale aliyense wosinkhuka imafufuzidwa payokha. Bodza limodzi pafomu ndi chifukwa chokwanira chakuti boma lilande unzikawo, ngakhale patapita zaka.

Ndipo likalanda sililanda wa bambo yekha. Amene akuganiza kuti tikungoopseza afunse za ku Cyprus. Dzikoli, lomwe lili m'bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union, lidapereka unzika mwa njira imeneyi kwa anthu 6,779 pakati pa 2007 ndi 2020. Mu Okutobala 2020 atolankhani a Al Jazeera adaonetsa kanema wojambulidwa mobisa wa momwe malondawa ankayendera, sipikala wa nyumba ya malamulo adatula pansi udindo, ndipo pa 1 Novembala boma lidatseka golosale yonse. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi a Myron Nicolatos, omwe adakhalapo mkulu wa khoti lalikulu la dzikolo, idapeza mu 2021 kuti anthu 53 pa 100 aliwonse adapatsidwa unzika mosatsata lamulo. Ambiri mwa iwowa adali achibale a eni ndalama, chifukwa lamulo la nthawiyo silidapereke mphamvu kwa nduna zopatsa achibale unzika mwa njira imeneyo. Pofika kumayambiriro kwa 2023, boma lidali litagamula zolanda unzika wa anthu 222. Eni ndalama adalipo 63 okha. Otsalawo, 159, adali akazi, ana ndi makolo.

Taganizirani mwana amene adalembedwa pafomu ali ndi zaka 9, wakula akudziwa kuti iye ndi nzika ya ku Ulaya, walowa sukulu ya ukachenjede ndi pasipoti imeneyo, kenako kalata n'kubwera. Sadabe kanthu, sadaname, fomuyo sadaione n'komwe. Unzika wa wachibale umapachikidwa pa msomali umodzi, msomaliwo ndi mwini fomu, ndipo ukazuka zonse zimagwera pansi limodzi. Otsatsa aja zimenezi sazilemba pansi pa chithunzi cha m'mphepete mwa nyanja.

Ngakhale pasipotiyo isalandidwe, mphamvu yake ikhoza kusungunuka muli nayo m'thumba. Chimene anthu amagula kwenikweni si dothi la pachilumba, koma mwayi wolowa m'maiko a eni popanda viza, ndipo mwayi umenewo mwini wake si wogulitsa pasipoti. Nzika za Vanuatu, dziko lina la zilumba logulitsa unzika, zidayamba kulandidwa mwayi wolowa ku Ulaya mu 2022, ndipo kumapeto kwa 2024 European Union idauchotseratu. Mu Julayi 2023 Britain idalamula kuti nzika za Dominica ndi Vanuatu zizipempha viza. Pa 29 Epulo 2025 khoti la European Union lidagamula kuti malonda a unzika omwe Malta idayamba mu 2014 ndi osemphana ndi malamulo a bungwelo. Chodabwitsa kuposa zonse chidachitika mu Disembala 2025, pamene boma la America lidatulutsa mndandanda wa maiko omwe nzika zake zidachepetsedwa mwayi wa maviza. Pamndandandawo padali Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, komanso Dominica ndi Antigua and Barbuda, awiriwa chifukwa cha malonda omwewa. Munthu akadagulira banja lake pasipoti ya Dominica pothawa mzere wa Amalawi, akadakapezeka pa mzere womwewo, thumba litapepuka ndi madola 250,000.

Palinso udindo umene kholo limasenzetsa ana lisadawafunse. Ku Turkey nzika yachimuna ili ndi udindo wokagwira usilikali, ngakhale pali njira yolipira ndalama kuti nthawi yake ifupike, ndipo mnyamata amene walembedwa pafomu ali wamng'ono amakula nawo udindowo. Kuno kwathu, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo mu Disembala 2018 kulola unzika wa maiko awiri, monga Zambia idachitira mu 2016, choncho kukhala ndi mapasipoti awiri si mlandu. Koma gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko lino limakaniza munthu amene ali ndi udindo wokhulupirika ku dziko lina kuimira uphungu. Mwana amene lero mukumulumbiritsa ku mbendera ya eni, mawa anthu a kwanu akamufuna kuti akawaimire, mapanga awiri aja adzamuvumbwitsa.

Tisamveke ngati tikunyoza maiko ang'onoang'onowa. Namondwe Maria ataphwasula Dominica mu Seputembala 2017, ndalama za mapasipoti zidathandiza kumanga nyumba za anthu amene adatsala padzuwa. Ife amene tidaona zomwe Freddy adachita ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2023 tikudziwa kuti boma losauka likapanikizika limagulitsa chomwe lili nacho. Sitikunyozanso kholo lofuna kutsegulira ana ake njira. Ululu wa viza Mmalawi amaudziwa. Britain idayamba kutifunsa viza mu 2006, ndipo mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia adali maiko oyamba omwe nzika zake America idazilamula kupereka chikole cha madola ofika 15,000 pofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi. Munthu wa malonda amene msonkhano wamudutsa chifukwa pasipoti yake idagona ku ofesi ya kazembe ali ndi dandaulo lomveka.

Komabe mtima umawawa tikakumbukira abale athu a ku Zimbabwe. Agogo awo adapita pansi wapansi kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ana adabadwira komweko, zidzukulu chimodzimodzi. Mu 2001 boma la kumeneko lidasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo akaukane mwa lamulo m'miyezi 6. Anthu ambiri ochokera m'mabanja a Chimalawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique adasanduka alendo m'dziko lomwe adabadwira, mpaka malamulo atsopano a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidali la m'maiko a SADC. Thukuta la mibadwo itatu silidakwanire kugulira mwana chitupa, pamene kwina cheke chimodzi chimagulira anthu anayi m'miyezi ingapo.

Cheke chimenecho, chikachoka kuno, chimachoka m'madola. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 250,000 ndi ndalama zoposa K437 miliyoni. Ili ndi dziko lomwe anthu ake adagona pa mizere ya mafuta mu 2022, 2023 ndi 2024 chifukwa chosowa ndalama zakunja, dziko lomwe kwacha yake idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Munthu amene adapeza madola ake moona ali kunja ali ndi ufulu wochita nawo zomwe akufuna. Koma amene akufuna kuwatulutsa m'dziko muno, a Reserve Bank ndi a Financial Intelligence Authority amufunse bwinobwino komwe adawatenga. Paja Jho Low, yemwe boma la Malaysia likumufuna pa nkhani ya ndalama za 1MDB, adalandira pasipoti ya Cyprus mu 2015, ndipo adali nayonso ya St Kitts and Nevis. Munthu amene akudziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa mafunso amayamba wakonza pothawira, pake ndi pa ana ake.

N'chifukwa chake tikupempha aphungu athu kuti lamulo la 2013 lokakamiza akuluakulu a boma kulengeza chuma chawo lionjezeredwe mzere umodzi: unzika wa dziko lina lililonse umene mkuluyo, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake ali nawo, chaka chomwe adaupeza, ndi njira yake. Nduna imene ikutiuza kuti timange malamba pamene banja lake lonse lili ndi khomo lotulukira kuseri, tili ndi ufulu woidziwa.

Kwa munthu wamba wa ndalama zake zoyera amene waganiza zotsata njirayi, pempho lathu ndi lakuti asayambire kwa dobadoba, ayambire pakhomo. Afunse loya wodziimira payekha, osati wa wogulitsa, kuti amuuze zomwe zingachitikire mkazi ndi ana ngati iye atamwalira mapepala ali m'njira, ukwati utatha, kapena unzika wake utalandidwa, ndiponso mtengo woonjezera mwana amene adzabadwe mtsogolo. Kenako aitanitse msonkhano wa banja monga timachitira pa nkhani ya malo kapena ya chuma cha masiye. Pakhale ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pakhale alongo ake, pakhale ana amene akwanitsa zaka 16, ndipo fomuyo iwerengedwe mokweza, m'Chichewa, dzina ndi dzina. Akatha kuwerenga maina olembedwa, atchulenso amene sadalembedwe, ndipo anene pamaso pa onse kuti fizi ya mwana wa mlongo uja ndi mankhwala a mayi aang'ono zidzachokera kuti madola aja akapita.